Mzukwa wa Ufa ndi Mbale ya Achimwene

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Ine kuno ndilipo, ndikadali kuphunzitsa ana a eni ake Chingerezi chimene sakuchifuna. Chiperoni chafika msanga chaka chino, moti minda ya tiyi sikuoneka mpaka dzuwa litakwera, ndipo bondo langa lakumanzere layamba kulosera mvula monga linkachitira lanu lija. Pa zinthu zonse zimene mukanandisiyira, Amayi, munasankha bondo. Zikomo kwambiri.

Ndiyambe ndi kuulula, popeza munkadana ndi munthu wozungulira nkhani ngati galu wofuna pogona. Ndaphwanya lamulo lanu lija lokhudza achimwene a Layisoni. Asamba mankhwala, ndipo wowaperekeza kumtsinje ndinali ine. Musafulumire kukwiya. Gonani momwe mwagoneramo mumve kaye za kumudzi, kenako ndikuuzeni mmene filimu yotchipa ya ku Asia yatigonjetsera tonse awiri, inu ndi Baibulo lanu, ine ndi digiri yanga.

Mng'ono wanga Agnesi wachira, ndi mwana wamkazi. Amutcha Felesiya, dzina lanu, ndipo ndikuona kuti dzinalo labwera ndi katundu wake. Kamwanako sikaseka. Kamayang'ana munthu ngati kalaliki wa pasikelo amene wapeza masamba okhwima pansi pa dengu lako. Nandolo wachita bwino m'munda wa kumtunda. Nthochi zomwe munabzala kuseri kwa khitchini zatha ndi matenda a chisaka, tazizula zonse, pangotsala maenje. Mtengo wa mapeyala uja munkati ndi waulesi wadikira kuti mumwalire kenako wabereka mpaka nthambi kuthyoka, ndipo amayi ogulitsa m'mbali mwa msewu ku Bvumbwe akumabwera okha kudzafunsa. Denga la khitchini likudonthabe pamalo pomwe paja. Ndaikapo beseni lomwe lija.

Tsopano za achimwene. Mukukumbukira tsiku limene anabwerera kuchokera kunja kumene anatumizidwa kukasungitsa mtendere, zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Anatsika minibasi ndi chikwama chobiriwira, atawonda khosi. Amalume a Dizimasi, mchimwene wanu, anaima pachipata n'kutambasula manja. Anati munthu wochokera kumene anthu amaphana salowa m'nyumba asanasambe. Anati umu ndi mmene makolo athu ankachitira asanawoloke n'komwe kuchokera ku Mozambique: wobwera kunkhondo amayamba wapita kumtsinje, amavula zakunkhondozo, amasamba mizu, amabwerera osacheuka, kenako amadya mbale imodzi ndi anthu, basi watha kukhala wa kutchire. Akalowa osasamba, amalowa ndi amene anawasiya kumeneko.

Inu munakankha dzanja la amalume n'kunena kuti mwana wanu anasamba kale tsiku la ubatizo, sasambanso madzi ena. Ine ndinali nditangomaliza kumene ku yunivesite, gauni lisanachoke n'komwe makwinya. Ndinaima pambali panu n'kuphunzitsa amalume, munthu amene anandinyamula kumsana, kuti zimenezo ndi zikhulupiriro zachikale, kuti chimene achimwene akufunika ndi uphungu wa akatswiri a za maganizo. Ndinatchula mawu aatali a Chingerezi atatu kapena anayi. Amalume anavala chipewa chawo n'kumapita. Mlangizi wa za maganizo uja ndinalonjeza, Amayi, mpaka lero sindinamupeze, ndipo kunena zoona ndinamufunafuna masabata awiri okha. Inu munkati sukulu imanola pakamwa, mtima imausiya wobuntha. Munkanena mukuseka, ine n'kumayesa mukundiyamikira.

Zotsatira zake mukuzidziwa, ngakhale tonse awiri tinkachita ngati sitikuziona. Anthu ankawapatsa moni achimwene, koma wa pakamwa pokha, manja ali kumbuyo. Atasiya usilikali n'kulowa ulonda wa masana pa esiteti ya tiyi ino, anzawo ankadyera limodzi pansi pa mtengo, iwo pakhonde la ofesi okha. Mtsikana wa ku Kapichi uja ankafuna kumukwatira, akwawo anapeza chifukwa chowakanira. Pa maliro anu enieniwo, amuna onse anakhala m'magulumagulu kuzungulira mbale, mwana wanu woyamba anadyera kuseri kwa mtengo wa mapeyala. Ndipo chizolowezi chawo chija sichinasinthe: chakudya chilichonse amachidula pakati ndi chala, theka n'kudya, theka n'kulikankhira m'mphepete mwa mbale. Inu munkati usilikali unawachepetsa mimba. Pa bedi lanu lomaliza munandigwira dzanja n'kunena kuti, "Ndikapita a Dizimasi ayambanso. Usalole." Ndinalonjeza. Ndasunga lonjezolo chaka ndi miyezi.

Ndiye kwabwera bwana watsopano woona za chisangalalo cha antchito, wochokera ku Lilongwe, wa nsapato zosongoka zimene matope a kuno sanazikhululukire. Iyeyu anaganiza kuti chimene munthu wosenza dengu masiku asanu ndi limodzi akusowa ndi filimu. Lamulungu lina masana, anthu atatuluka m'matchalitchi, anapachika nsalu yoyera mu holo ya esiteti, mawindo n'kuwatseka ndi masaka. Kutsogolo pa mipando ya pulasitiki tinakhala ife a malipiro a pamwezi, makalaliki, aphunzitsi, anamwino a kukiliniki. Pa mabenchi akapitao. Kumbuyo, pansi ndi m'mbali mwa khoma, anzanu othyola tiyi. Ngakhale poonera mizukwa, Amayi, aliyense amadziwa malo ake. Pakhomo anaikapo mlonda woti aziletsa anthu kukankhana, ndipo mlondayo anali achimwene.

Filimuyo anthu ankati ndi ya Chitchaina, koma kuno filimu iliyonse yochokera mbali imeneyo imatchedwa choncho ngakhale itakhala ya kwina. Inali yomasuliridwa m'Chichewa, ija bambo mmodzi amalankhulira anthu onse, amuna ndi akazi omwe, n'kumawonjezera zake. Iyeyu mkulu wa asilikali anamutcha Kapitao, ndipo kampu yawo anati ili ku Nsabwe, kwathu konkuno. Anthu anakuwa ndi chimwemwe.

Koma filimu yake, Amayi! Ine ndinaphunzira za zisudzo zaka zinayi, ndipo ndinakhala pamenepo ngati munthu amene amubera. Gulu lonse la nkhondo linali anthu asanu ndi mmodzi. Wina wa dazi anafa kumayambiriro, patapita kanthawi tinamuonanso akuguba kumbuyo atavala chipewa. Kampu yake inali sukulu ya pulayimale, bolodi likuonekera pakhoma. Mfuti zinkapindika munthu akathamanga. Magazi anali ngati madzi a chidede. Nkhani yake inali yoti msilikali wina anafa pa ntchito imene anayenera kupita mnzake, ndiye mzukwa wake unayamba kulondola wotsalayo. Mzukwawo utatulukira koyamba, unali munthu wopakidwa ufa kumaso, atavala wigi yokhota, akulendewera pa chingwe chimene tonse tinkachiona. Wina kumbuyo anafuula kuti mzukwa uwu wadzera kuchigayo. Wina anati ayi, ndi wa ku bekale, wangoweruka kumene. Kapitao wina anagwa pa benchi ndi kuseka. Ine ndinkafotokozera namwino amene anakhala pafupi nane zolakwika za kajambulidwe, mokweza ndithu kuti a mzere wachiwiri amve kuti pano pali wophunzira.

Ndinazindikira mochedwa kuti kumbuyo kwasiya kuseka. Kutsogolo tinkasekabe, koma anzanu aja anali atayamba kuonera filimu ina pa nsalu yomweyo. Chingwe sankachiona. Ankaona msilikali wotsala uja akulephera kudya, anzake akumuthawa. Kenako msilikaliyo anapatsidwa tchuthi n'kupita kwawo. Mayi ake anatuluka m'nyumba akuthamanga, anamukumbatira, n'kumukokera pakhomo.

Amake Joyisi, mnzanu amene munathyola naye tiyi mzere umodzi zaka zonse zija, anaimirira n'kukalipira nsaluyo ngati ikumva.

"Iwe mayi, usamulowetse! Ayambe wasamba ameneyo!"

Amayi ena anavomereza. Mayi wa mufilimu sanamve Chichewa, anamulowetsa mwana wake, ndipo mzukwa wa ufa uja unalowa pambuyo pawo n'kukhala pa mpando. Apo ndi pamene mwamuna wina, sindinamuone nkhope ndipo ndi mwayi wake, ananena mosakweza n'komwe kuti, "Ngati kwa a Layisoni."

Mu holo muja munali anthu ambiri, Amayi, ndipo onse anatembenukira kukhomo. Ena anaseka, kuseka kuja munthu amaseka atagwira pakamwa. Alendo a ku Lilongwe ndi ku Mzuzu ankafunsana kuti Layisoni ndi ndani, n'kuuzidwa monong'ona. Ine, wa pakamwa pa chikwanje chodulira tiyi monga munkanditchulira, ndinayang'ana nsapato zanga.

Achimwene anachoka pakhomo paja. Anayenda pakati pa anthu osathamanga, anthu n'kumapinda miyendo kuti asawakhudze, mpaka anakaima kutsogolo kwa nsalu. Kuwala kwa filimu kunali pa yunifolomu yawo ya ulonda, nkhope ya mzukwa ija ikuvina pachifuwa pawo. Womasulira uja ankabwebwetabe nthabwala zake mpaka wina anatsitsa mawu. Mukudziwa kuti achimwene salankhula pagulu. Tsiku limenelo analankhula ngati akupereka lipoti.

"Filimu iyi ndi yabodza," anatero. "Sabwera chonchi. Sadzola ufa, salira, satuluka magazi. Amabwera ali bwinobwino, malaya ochapa, nthawi ya nkhomaliro. Amakhala pansi n'kudikira chakudya chake. Akanajambula zimenezo, palibe akanaseka muno."

Atatero anatuluka. Bwana wa nsapato zosongoka anadandaula kuti mlonda wasokoneza pulogalamu, n'kukwezanso mawu. Mathero a filimuyo sindikuwadziwa. Ndimva kuti kunabwera wansembe wa kwawoko ndi belu, mzukwa n'kuphulika ngati thumba la ufa, a kutsogolo n'kuwomba m'manja.

Ndinawapeza kunyumba atakhala pa muzu wa mtengo wa mapeyala, dzuwa likadalipo. Ndinakhala pambali pawo. Kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga ndinalibe ndemanga, ndipo mwina n'chifukwa chake anandiuza. Anali ndi mnzawo kunkhondo kuja, wa ku Rumphi, dzina lake Vitumbiko. Ankadyera mbale imodzi. Tsiku lina inali nthawi ya achimwene yoperekeza galimoto yokatunga madzi, koma anadzuka ndi m'mimba. Vitumbiko anati apita iyeyo m'malo mwawo. Chakudya chinali chisanapse, ndiye ponyamuka anawauza kuti, "Undisungire theka." Galimotoyo sinabwerere ndi anthu onse. Vitumbiko anafera komweko.

Zaka zisanu ndi ziwiri, Amayi. Munkawapakulira inu, ine ndikutsuka mbale, tikutaya theka lija kwa nkhuku tsiku ndi tsiku, ndipo palibe mwa ife amene anafunsa kuti kodi ndi la ndani. Inu munali ndi yankho la kutchalitchi, ine la ku yunivesite. Anthu okhala ndi mayankho safunsa mafunso.

Kenako anati, "Elube, amayi kulibe. Ine ndikufuna ndisambe."

Ndinayamba kunena za lonjezo langa kwa inu. Ndinayambanso, Mulungu andikhululukire, kunena kuti palibe umboni woti mizu imachotsa chilichonse m'mutu mwa munthu. Anandilola kumaliza, monga amachitira nthawi zonse.

"Kaya zimagwira kaya sizigwira, sindikudziwa," anatero. "Ndatopa kudya ndekha."

Mawa lake nditaweruka kusukulu ndinapita kwa amalume a Dizimasi. Akalamba, Amayi, maso achita nkhungu. Ndinagwada pakhonde pawo ndi bondo lanu lomweli. Ndinkayembekeza kuti andibwezera mawu anga a Chingerezi aja limodzi limodzi, ndipo ndikanakhala ine ndikanatero. Iwo anangofunsa ngati achimwene akadali ndi chovala chilichonse cha kumeneko. Ndinati chikwama chobiriwira chija chili pansi pa bedi, sichinatsegulidwepo. Anati Loweruka m'mawa, dzuwa likangotuluka.

Tinapita kumtsinje wa kumunsi kwa munda wa tiyi, paja munkachapira. Mwambo wonse umene tinaukana ndi ukali wonse uja sunatenge nthawi imene munthu amatenga kudzaza dengu limodzi. Ine ndinaima patali chifukwa ndine mkazi, nditatembenukira ku tiyi. Ndinamva amalume akulankhula Chilomwe, chimene ine ndimangomva theka lake popeza munkati chitisokoneza kusukulu. Ndinamva akutchula dzina la Vitumbiko, akumuuza kuti kuno ndi kwa eni ake, mnzake wafika kwawo, iye apumule. Ndinamva madzi. Chikwama chija chinatsala komweko, amalume akudziwa kumene anachiika. Chodzipukutira ndinapereka ndine, ndipo chinali chitenje chanu cha maluwa achikasu. Ndinasankha dala. Ndinafuna kuti nanunso mukhalepo, mufune musafune.

Achimwene anakwera mtunda osacheuka. Titafika kunyumba tinapeza anthu. Sindinaitane aliyense, koma mukudziwa kuti pa esiteti nkhani imayenda kuposa thirakitala. Alonda anzawo anabwera atatu, akapitao awiri, ndi amuna a m'malayini, m'nyumba za antchito muja. Amake Joyisi anabwera ndi mphika wa nyemba za kalongonda umene anauphika kuyambira dzulo lake. Mlonda wina wachikulire anali woyamba kutambasula dzanja. Achimwene analiyang'ana dzanjalo kanthawi ngati aiwala ntchito yake.

Anakhala pa mphasa kuzungulira mbale imodzi. Ine ndinaima pakhomo la khitchini ndikuyang'ana, wophunzira yense uja akudikira kuona ngati mizu yagwira. Achimwene anasamba m'manja, anatema mbamu yoyamba ya nsima. Kenako chala chija chinayenda chokha. Anadula gawo la mbali yawo pakati, theka n'kulikankhira m'mphepete.

Onse anaona. Manja anaima m'mwamba. Ndinati basi, tabwerera pomwe tinali, ndipo lonjezo ndaphwanyira chabe.

Amalume anayang'anitsitsa theka lija ndi maso awo a nkhunguwo. Kenako anatapa kalongonda pang'ono n'kuika pambali pa thekalo.

"Mlendo sadya chopanda ndiwo," anatero. "Tiyeni tidye."

Ndipo anadya, Amayi. Anakambirana za mpira, za mvula, za dazi la msilikali wofa n'kuukanso wa mufilimu uja. Achimwene anaseka mpaka kutsamwa, mlonda mnzawo n'kuwamenya kumsana ndi dzanja lake lenileni.

Ndiye nayi nkhani imene ndakulemberani, ndipo ndikulemba ndili wokwiya. Vitumbiko sanachoke. Mpaka lero theka lake likusungidwa, ndipo mwina lidzasungidwa mpaka achimwene adzakupezeni. Pamenepo inu ndi ine tinalondola: mizu sichotsa munthu m'mutu mwa mnzake. Koma madzi aja sanali a achimwene okha. Anali a anthu. Anthu ankafuna njira yowalandirira osaopa, ndipo njirayo inalipo, yaifupi, beseni limodzi ndi m'mawa umodzi. Ife tinaitseka, inu pofuna kuti kutchalitchi asakunyozeni, ine pofuna kuti anthu adziwe kuti ndinapita kusukulu. Amene analipira kulondola kwathu sanali inu kapena ine. Anali munthu amene sanafunsidwe n'komwe maganizo ake tsiku lija pachipata, atanyamula chikwama.

Ndipo chimene chikundiwawa kwambiri, monga munthu wa zisudzo, n'chakuti zimenezi sindinaziphunzire m'buku lililonse la pa shelefu yanga. Ndaziphunzira kwa munthu wopakidwa ufa wolendewera pa chingwe. Makalaliki akunenabe kuti inali filimu yachabechabe, ndipo sakunama. Amake Joyisi ndinawafunsa maganizo awo tikutsuka mbale tsiku lija. Anati filimuyo ndi yabwino kwambiri, kungoti mayi uja ndi wouma mutu. Atatero anakumbukira kuti akulankhula ndi mwana wa ndani, n'kuyamba kupukuta mphika wouma kale. Sindinawatsutse, Amayi. Mundikhululukire, kapena musandikhululukire, koma sindinawatsutse.

Musaganize kuti ndaiwala zina zonse. Ndikudziwa kuti munathamangira pachipata paja chifukwa munali mutadikira mwana wanu miyezi yambirimbiri mukugona ndi wailesi pakhutu, ndipo simukanalola kuti aime panja ngakhale ola limodzi. Ndikudziwa kuti digiri imene ndinanyozera nayo amalume inachokera m'dengu lanu, masamba awiri ndi kansonga, masamba awiri ndi kansonga, mpaka zala zanu zinasiya kuwongoka. Munkati wothyola tiyi sayang'ana kumbuyo kwa mzere, zimene wasiya amaziona ndi kapitao. Ine ndayang'ana kumbuyo, ndipo tinasiya zambiri.

Chitenje chanu ndachichapa, chili m'sutikesi. Fungo la mizu silinathe kwenikweni. Lamulungu achimwene anapita kutchalitchi monga mwa masiku onse, anakhala pa benchi yawo, denga silinagwe.

Lonjezo lija ndaphwanya, ndiye ndikupatsani lina m'malo mwake, ndipo ili ndalisankha ndekha. Ine ndili moyo, achimwene sadzadyanso okha. Ndipo ka Felesiya kakadzakula n'kuyamba kudziwa zonse, monga timachitira akazi a m'banja lino, ndidzakakhazika pansi n'kukauza kuti kasanayankhe kazifunsa kaye kuti theka ili ndi la ndani.

Mukakumana naye kumeneko mnyamata wa ku Rumphi wotchedwa Vitumbiko, mumulandire. Mumuuze kuti chakudya chake chilipo, ndipo masiku ano chikumakhala ndi ndiwo.

Ndine mwana wanu wa pakamwa pa chikwanje, amene amakukondani ngakhale atakwiya,

Elube